Chitsa Chophukanso Pakhosi

Atate anga, amene anachoka ku Dedza nayenda pansi kufikira ku mapulazi a fodya a ku Banket, ankati wosazula zitsa amalima munda kawiri. Ndipo ine, amene ndamera imvi ndili ndi mpeni wa opaleshoni m'dzanja, mawuwa ndimawakumbukira pamene ndikutsegula khosi limene mnzanga analitsegulapo kale.

M'makomboni momwe ndinakulira, mchere wa ayodini usanafale m'Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990, amayi otupa chithokomiro anali ochuluka ndithu. Madokotala a masiku amenewo, posafuna kusiya munthu wopanda chiwalocho, ankadula mbali yaikulu nasiyako kachidutswa. Koma kachidutswako, monga chitsa cha mombo, nthawi zina kamaphukanso patapita zaka khumi kapena makumi awiri, mwinanso kutsikira kuseri kwa fupa la pachifuwa ndi kupana njira ya mpweya.

Amayi ena a cha ku Mvurwi anafika kwa ine atakulunga mpango m'khosi, nati, "Mwana wanga, chabweranso, ndikagona chagada mpweya ukundithawa. Kodi ndidzayimbanso ku Mvano?" Funso lawolo linalasa penipeni pa ntchito yanga. Pakuti ulendo woyamba minofu imalekana yokha ngati makoko a anyezi, koma ulendo wachiwiri chipsera chimakhala chitamata zonse pamodzi, chitabisanso mtsempha wa mawu, woyera ndi woonda ngati ulusi, umene umayenda pakati pa njira ya mpweya ndi njira ya chakudya. Ukadula wa mbali imodzi, mawu amasasa. Ukadula mbali zonse ziwiri, munthu amabanika. Pomweponso pabisala tiziwalo tinayi, tating'ono ngati njere za mpunga, tosunga kashiamu m'magazi, timene tikatayika milomo imachita dzanzi ndipo zala zimakokana.

Chifukwa chake sindilowera pachipsera, koma ndimayambira m'mbali, pamene mpeni sunapitepo, kufikira mtsemphawo ndauona ndi maso anga. Ndipo ndikaupeza ndimautsata pang'onopang'ono, ndikumanga kamtsempha ka magazi kalikonse ndisanadule. Theodor Kocher wa ku Bern, amene analandira mphotho ya Nobel mu 1909 chifukwa cha ntchito ya chithokomiro, anatchuka ndi kusafulumira komweku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amayi a ku Mvurwi aja ndinawachita opaleshoni, ndipo m'mawa mwake ndinaima pambali pa kama wawo, mtima uli m'mwamba, ndinati, "Mwadzuka bwanji, amayi?" Iwo anayankha momveka bwino, "Ndadzuka, kaya inu adokotala," ndipo malipiro oposa pamenepa sindinalandirepo.

Tsono inu abale anga a m'mapulazi amene muli ndi chipsera pakhosi, mankhwala a thyroxine amene munapatsidwa muzimwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa, ndipo mukaona khosi likutupanso kapena mawu akusasa, musadikire kuti fodya ayambe wagulitsidwa. Pitani kuchipatala mphukira ikadali yanthete.