Funso la namwino lomwe linandisowetsa yankho

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ophunzira anga akale, pepani kuti ndakhala chete milungu ingapo. Tinali pa ntchito yochonga mayeso. Lero ndikufuna kuvomera cholakwa chomwe ndakhala ndikuchita m'kalasi ya Biology kwa zaka zambiri.

Mu July chaka chatha ndinakumana pa depoti ya basi pano pa Mzimba boma ndi mayi wina yemwe ndinamuphunzitsa Fomu 3 ndi Fomu 4. Panopa ndi namwino pa kachipatala kena kum'mwera kwa boma lino. Mawu anali atasasa. Anandiuza kuti anagona sabata yathunthu ndi chimfine, kenaka anapatsira mwana wake wa miyezi isanu ndi umodzi. Mwanayo anadwala chibayo mpaka kugonekedwa. Anachira, tithokoze Mulungu, koma mayiyo anali ndi funso.

"Aphunzitsi, paja munatiuza kuti chimfine umachitenga wina akakuyetsemulira kapena mukapatsana chanza. Ine ndimasamba m'manja mpaka khungu kuchita mbuu, ndipo palibe anandiyetsemulira. Ndiye ndinachitenga bwanji?"

Ndinamufunsa za chipinda chomwe amaoneramo odwala. Anati ndi chaching'ono, cha zenera limodzi. Nonse mukuidziwa mphepo yochokera ku Viphya mu June ndi July. Zenera limakhala chitsekere kuti makanda asazizidwe powavula, chitseko nachonso chitsekere kuti odwala afotokoze mavuto awo momasuka. Basi yake inafika ndisanamuyankhe, ndipo kunena zoona yankho ndinalibe.

Holide yonse ndinakhala ndikuwerenga pa foni, bandulo kutha ngati madzi. Ndinapeza kuti nkhaniyi ndi yakale. Mu 1934, katswiri wina wa ku Harvard, William Wells, anafotokoza kuti timadontho totuluka m'kamwa tili mitundu iwiri. Tatikulu timagwa pansi msanga. Tating'ono timauma tisanagwe, n'kumangoyandama mumpweya. Ngati munaonapo fumbi la choko likuvina pamene dzuwa lalowera pa zenera, kalekale mutafufuta bolodi, mwamvetsa kale.

Cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, wophunzira wake Richard Riley anayesa zimenezi pa chipatala china ku Baltimore. Anakoka mpweya wa m'wodi ya odwala chifuwa chachikulu n'kuupititsa m'chipinda momwe ankasungamo mbira. Mbirazo sizinakhudzane ndi wodwala aliyense, koma zina zinatenga matendawo.

Nanga chimfine? Mu 1977 ndege ina inawonongeka isananyamuke ku Homer, ku Alaska. Munali anthu 54, mmodzi mwa iwo akudwala chimfine. Ambiri anangokhala momwemo kwa maola pafupifupi atatu, makina olowetsa mpweya atazimitsidwa. Pasanathe masiku atatu, anthu 72 pa 100 alionse anali atadwala. Nditawerenga izi ndinakumbukira mabasi a ku Joni omwe abale athu amakwera, mawindo ali gwa usiku wonse. Kenaka mu 2018 gulu la Donald Milton ku University of Maryland linapima mpweya wa anthu 142 odwala chimfine. Linapeza tizirombo tamoyo m'timadontho tating'onoting'ono, ngakhale kwa ena omwe ankangopuma chabe, osatsokomola.

Ngakhale akuluakulu a zaumoyo anachedwa kuvomereza. Nthawi ya Covid-19, mu July 2020, asayansi 239 analembera kalata bungwe la WHO kulipempha kuti liganizire za mpweya, ndipo ndi mu 2021 pomwe bungweli linanena momveka kuti matendawo amayenda mumpweya. Choncho sindinalakwe ndekha, komabe izi sizinditonthoza. Ana omwe analemba notsi zanga ndi omwe lero ali m'mawodi.

Taganizani bwino. Wodwala amakhala m'chipinda cha namwino mphindi khumi n'kutuluka. Namwino amakhala momwemo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kupuma mpweya womwe aliyense wasiya. Akadwala, pa kachipatala ka anamwino awiri kapena atatu, mzere umatalika, amayi oyembekezera amadikira, ndipo iyeyo amapita nako kachirombo kunyumba. Mu April 2020, pamene ogwira ntchito zachipatala m'dziko muno ananyanyala ntchito pofuna zovala zodzitetezera, ena tinkawanena kuti ndi amantha. Lero ndikuchita manyazi.

Chomwe chinandilimbitsa mtima ndi kafukufuku wa ku Lima, m'dziko la Peru, yemwe anatuluka mu 2007. Rod Escombe ndi anzake anapima kayendedwe ka mpweya m'zipatala 8. Anapeza kuti kungotsegula mazenera ndi zitseko kunkasintha mpweya kuposa makina okwera mtengo, ndipo nyumba zakale za madenga aatali ndi mazenera aakulu ndi zomwe zinapambana. Inu omwe munapempherako m'tchalitchi chakale cha Loudon ku Embangweni mukudziwa mmene nyumba zotere zimapitira mphepo. Mankhwala amenewa safuna ndalama za kunja.

Sukulu itatsegulidwa ndinabweretsa m'kalasi koyilo ya udzudzu. Tinatseka mazenera onse n'kuiyatsa pa tebulo langa. Posakhalitsa anyamata a kumbuyo anayamba kudandaula fungo. Ndinawafunsa kuti: ndani wakuponyerani utsi? Kenaka tinatsegula mazenera mbali zonse ziwiri, fungo n'kutha. Phunziro la tsiku limenelo linathera pomwepo. Ndinawauzanso kuti kusamba m'manja kukufunikabe, chifukwa chimfine chili ndi njira zingapo. Cholakwa changa chinali kuphunzitsa njira ziwiri n'kusiya yachitatu.

Namwino uja ndinamuimbira foni. Ndinamuuza zonsezi, n'kupepesa. Anaseka nati, "Aphunzitsi, mpaka kupepesa?" Pambuyo pake anandiuza kuti anagwirizana ndi anzake kuti otsokomola azidikirira pakhonde osati m'kolido, azionedwa msanga, ndipo masiki akakhalapo azipatsidwa iwowo poyamba. Wodwala akatuluka, amatsegula chitseko ndi zenera pang'ono asanaitane wina. Agogo ena amadandaula kuzizira, iye amangowauza kuti afunde chitenje.

Kwa anzanga aphunzitsi, makalasi athu a ana ochuluka sasiyana kwenikweni ndi chipinda chija. Tsegulani mazenera, ana abwere ndi majuzi. Kwa inu ophunzira anga omwe muli anamwino, azachipatala ndi alangizi a zaumoyo, ngati kope lanu la Biology likadalipo, pezani tsamba la chimfine. Pansi pa kuyetsemula ndi kupatsana chanza, onjezerani ndi cholembera chanu: mpweya wa m'chipinda chotseka.