Ndinavomera mlandu wosaudziwa

Ndinagula njinga yakapalasa kwa mnyamata wina pamsika, mtengo wake wabwinobwino. Sindinadziwe kuti inali yakuba. Apolisi ataipeza kwathu, ndinagona m'chitokosi, ndipo anzanga a mmenemo anandipatsa uphungu umene aliyense wolowamo amaumva: ukavomera mlandu umatha msanga, ukakana ukaolera pa rimandi. Ndinali ndi ana aang'ono, ndalama ya loya ndinalibe. Ndinawamvera.

Kukhoti womasulira anandiwerengera mlandu wolandira katundu wakuba. A majisitireti atafunsa ngati ndikuvomera, ndinati, "Inde bwana, njingayo ndinagula." Mumtima ndinkavomera kugula basi. Pepala linalembedwa kuti ndavomera mlandu wonse. Pa nthawi yopempha chifundo ndinanena kuti sindinkadziwa kuti njingayo inabedwa, koma palibe amene anaimitsa mlandu kuti andifunsenso.

Khoti linandigamula kuti ndikakhale kundende. Zimene zimandipweteka mpaka lero ndinazidziwira kumeneko, kwa mkulu wina wa bungwe la Paralegal Advisory Service Institute, limene limayendera akaidi. Anandifotokozera kuti munthu amalakwa pa mlandu umenewu pokhapokha ngati ankadziwa, kapena anali ndi chifukwa chokhulupirira, kuti katunduyo ngwakuba. Anatinso gawo 251 la Criminal Procedure and Evidence Code limalamula khoti kuti lisanalembe kuti munthu wavomera, litsimikize kuti iye akumvetsa tanthauzo la kuvomerako ndi zotsatira zake, komanso kuti akuvomera zonse popanda "koma". Ine "koma" wanga ndinamunena poyera. Khoti linayenera kulemba kuti ndakana, boma n'kubweretsa mboni zake.

Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa woimbidwa mlandu ufulu wokhala ndi loya, ngakhale wolipiridwa ndi boma pamene chilungamo chikufuna kutero. Ntchito imeneyi ndi ya Legal Aid Bureau. Sindinamvepo zimenezi ndili m'bokosi la kukhoti muja.

High Court itaunikanso mlandu wanga inafafaniza chigamulocho. Potuluka ndinapeza ntchito itandithera, munda wosalimidwa, mwana wamkulu atasiya sukulu.

Mbale wanga, ukaima pamaso pa majisitireti wopanda loya, usafulumire kunena "inde". Pempha kuti akufotokozere mlanduwo mbali iliyonse m'chinenero chako. Ngati pali pamene sukugwirizana napo, nena kuti ukukana, ndipo pempha belo.