Pachithunzi chawo palibe bwato

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Johannesburg. Kuno ku Chembe tilipo. Amayi miyendo ija ikuwavutabe, makamaka m'mawa kukazizira, koma pakamwa mpakuthwa monga kale. Ndalama munatumiza zija zinafika, tagula malata ndi misomali, chatsala ndi mmisiri. Mwera chaka chino wabwera ndi ukali. Asodzi atha masiku anayi osalowa panyanja, ndipo chigoba cha usipa chakwera mtengo moti amalonda ochokera ku Limbe angokhala pamthunzi kudikira kuti mphepo ileke.

Nkhani yomwe ndalembera kalata m'malo mokuimbirani pa WhatsApp ndi ya gombe. Pafoni mumandidula pakamwa, ndiye ndati ndilembe kuti muwerenge mpaka kumapeto.

Mwezi wathawu kunabwera magalimoto awiri. Munatuluka amuna onyamula zingwe zoyezera, nayamba kukhoma zikhomo zopaka utoto wofiira kuyambira pamtengo paja timachapira mpaka kupitirira pomwe malemu amalume ankakocheza bwato lawo. Sanalonjere munthu. Ana anazula zikhomo ziwiri n'kumaseweretsa, ndipo palibe wamkulu anawaletsa. Patatha sabata amfumu anaitanitsa msonkhano, alendo aja anabweranso, ulendo uno atavala masuti komanso atanyamula chithunzi chachikulu cha hotela yomwe akufuna kumanga. Chithunzicho n'chokongola, ndisaname. Nyumba zosanjikana zoyera mbee, dziwe losambiramo pomwe nyanja ili pakhomo pomwepo, kapinga wobiriwira mpaka kumadzi, mipando yogonapo itandandalikidwa pamchenga. Anati kudzakhala ntchito, msewu udzakonzedwa, sukulu adzaipenta.

Anthu anali duu kuyang'ana. Kenaka amayi athu, omwe tinachita kuwagwira mkono kuti afike, analoza ndi ndodo yawo n'kufunsa kuti, "Pachithunzi panupa bwato lili pati?" Bwana wa alendowo anaseka poganiza kuti gogo akuchita nthabwala. Amayi anabwereza funso, n'kuwonjezera kuti sakuonaponso thandala ngakhale limodzi, kapena mayi akutsuka mbale. Apa mpomwe msonkhano unatembenukira. Alendowo anati asodzi adzawapezera doko lina. Atafunsidwa kuti kuti, anati zimenezo akukambiranabe.

Inu munachoka kalekale, mwina mwaiwala kuti gombe kwa ife si malo opumirako. Tambala asanalire kachiwiri, nyali za asodzi a chilimira zimakhala zikubwerera kumtunda, ndipo amayi amakhala atafika kale ndi mabeseni. Dzuwa likamatuluka usipa uli pamathandala, wina ukufutsidwa m'madiramu, utsi uli tolotolo. Pomwepo wina akusoka ukonde, wina akumata bwato ndi phula, atsikana akutsuka mapoto a dzulo, ana asukulu anga akusamba mothamanga kuti belu lisawapeze m'madzi. Madzulo mchenga womwewo umasanduka bwalo la mpira ndi la bawo. Mtengo wa nsomba umapanganidwa pomwepo, ngongole zimabwezedwa pomwepo, ndipo maukwati angapo m'mudzi muno anayambira pomwepo, kuphatikizapo wanu. Munthu akati akufuna gombe lopanda phokoso ndi fungo la nsomba, ndiye kuti akufuna gombe lopanda ife.

Komanso tilibe kosunthira. Mukudziwa mmene mudzi uno unakhalira: kutsogolo nyanja, kumbuyo phiri, ndipo phirilo ndi la paki. Chikhazikitsireni Lake Malawi National Park mu 1980, ife a ku Chembe pamodzi ndi anzathu a ku Masaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale tinatsala ngati zilumba za anthu mkati mwa malo otetezedwa. Nkhuni timatola ndi chilolezo. Kuponya ukonde pasanathe mamita 100 kuchoka pamiyala ya paki, kaya ku Thumbi, ku Domwe kapena ku Mumbo, ndi mlandu, chifukwa mbuna zomwe zinachititsa kuti UNESCO iike malo ano pamndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984 zimakhala pamiyala pomwepo. Tinadandaula, tinazolowera, ndipo ine monga mphunzitsi ndimawauza ana kuti lamulolo n'labwino. Koma ngati mayi wotola nkhuni amafunsidwa chiphaso, hotela ya zimbudzi zosawerengeka ifunsidwe zochuluka bwanji? Madzi a m'zimbudzizo adzapita kuti? Funso limeneli ndinafunsa ndine. Anandiyankha kuti akatswiri adzaona.

Musaganize kuti mudzi wonse uli mbali imodzi. Mphwanu yemwe, mwana wanga wachisamba, sakulankhula nane bwino masiku ano. Iye ndi anzake amati akuluakulu tikutsekereza mwayi wawo. Ali ndi satifiketi ya Fomu 4 yomwe ikungodyedwa ndi njenjete m'sutikesi, amapeza ndalama pokhapokha akapeza mzungu woti amuperekeze kukaona nkhwazi ikuwakha nsomba kuseri kwa Thumbi. Anandiuza pamaso kuti, "Amayi, walira mvula walira matope. Mumafuna chitukuko, chabwera, mwayamba kuthawa." Sindinamukalipire chifukwa sakunama zonse. Usipa sukugwidwa ngati kale, chambo chinasanduka ndiwo ya anthu a ndalama, maboti achuluka kuposa nsomba. Mnyamata wa lero akayang'ana nyanja saona tsogolo lomwe atate athu ankaona. N'chifukwa chake inu muli komwe muliko.

Chomwe ndinamuuza n'chakuti alendo sitinawakanepo. Maloji ali m'mudzi muno zaka zambirimbiri, ayandikana ndi nyumba zathu, mzungu amadutsa pakati pa mathandala popita kukasambira ndipo ana amamuthamangira. Eni maloji timakangana nawo, inde, pena za mipanda, pena za malipiro, koma amagula nsomba kwa ife, tomato kwa ife, ndipo pamaliro ena amabwera. Hotela yaikulu yotchingidwa ndi mpanda wa njerwa ndi nyama ina. Mlendo adzatsika basi mkati mwa geti, adzadya mkati, adzakwera boti la hotela, ziboliboli adzagula m'sitolo ya hotela. Mphwanuyo, ngati atachita mwayi, adzalembedwa ulonda woti azithamangitsa azakhali ake akabwera kudzachapa. Ndinamukumbutsanso za 2020, matenda a Covid-19 atatseka malire. Maloji anatseka zitseko, antchito anabwerera kunyumba manja ali m'khosi, ndipo chomwe chinadyetsa mudzi uno miyezi yonse ija ndi bwato lomwe palibe pachithunzi lija.

Za zinthu zazikulu zobwera ndi alendo, malo ano aonapo kale. Amishoni a ku Scotland anafika ndi sitima ya Ilala mu 1875 namanga Livingstonia yoyamba pompano. Malungo anawatha, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe, kutisiyira manda aja tinkadutsa mothamanga tili ana popita ku Otter Point. Amayi amasimbabe za ndege za pamadzi za BOAC zomwe zinkatera panyanja pano mu 1949 ndi 1950 paulendo wochoka ku England kupita kwanuko ku South Africa. Amati tsiku loyamba anathawira m'phiri ndi mwana wa azakhali awo kumsana. Kunali hotela ya azungu nthawi imeneyo, ya ulemerero wake. Ndege zitasiya kubwera, hotelayo sinakhalitse. Amayi amati mlendo ndi mame, ndipo pamsonkhano paja ananenanso, bwana uja ali pomwepo. Vuto n'lakuti mame akauma sasiya mpanda, koma alendo a masiku ano amasiya mpanda ndi pepala la lizi. Akalephera malonda amagulitsa kwa mnzawo, malowo osabwereranso kumudzi. Mukadzabwera mudzayende msewu wa Monkey Bay kupita ku Mangochi, mudzawerenge nokha kuti ndi malo angati pomwe munthu wapansi angatsikire kunyanja osapempha mlonda.

Nyanja nayo ili ndi mawu ake pankhaniyi. Mu 2024 madzi anakwera moti analowa m'maloji ndi m'nyumba zambiri za m'mphepete, kuno ku Mangochi, ku Salima mpaka ku Nkhata Bay. Ife tinangokokera mabwato kumtunda ndi kusuntha mathandala. Pomwe akhoma zikhomo zofiira paja, chaka chimenecho panali poti mwana asambire. Akuluakulu anawauza zimenezi, iwo anati adzamanga khoma loletsa mafunde. Amene amaidziwa nyanja anangoyang'anana.

Anthu ena akumatinena kuti tatengeka ndi azungu oteteza chilengedwe. Ayi ndithu. Paja pa mkangano wa ku Nkhudzi, pomwe a Southern Region Water Board ankafuna kumanga thanki ya madzi paphiri la m'paki ndipo oteteza chilengedwe anatsutsa mpaka nkhani inafika kukhoti, ine mtima wanga unali ndi amayi a m'midzi ija omwe ankatunga madzi panyanja n'kumadwala m'mimba. Madzi akumwa ndi moyo wa anthu a pamalopo. Dziwe losambiramo alendo si moyo wa munthu wa pano. Tikakana, tikukana ndi mutu wathu.

Takhala pansi ndi a komiti ya kudoko, amayi ogulitsa nsomba ndi atsogoleri a mipingo ndi a kumzikiti, n'kulemba kalata kwa a Gulupu, kwa Mfumu Yaikulu Nankumba ndi kwa bwanamkubwa ku Mangochi. Sitinalembe mwaukali. Tapempha kuti ationetse lipoti la kafukufuku wa mmene ntchitoyi ingakhudzire chilengedwe ndi miyoyo ya anthu, lomwe lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna ntchito zazikulu zisanayambe, ndipo alimasulire m'Chichewa, aliwerenge pabwalo. Tawakumbutsa kuti lamulo la malo a mafumu la 2016 linaika komiti ya malo yosankhidwa ndi anthu, momwe mumayenera kukhala amayi osachepera atatu, kotero nkhani ya malo siyothera m'chipinda cha munthu mmodzi usiku. Tanenanso kuti ngati alendowo akufunadi kumanga, amange chakumtunda, nyumba zazifupi, asiye mchenga wonse ndi njira zotsikira kunyanja zikhale za aliyense, ndipo zimenezi zilembedwe. Zolonjeza pakamwa tazimva zambiri nthawi ya kampeni. Yankho silinabwere, koma tamva kuti alendo aja ayamba kuyendera mabanja mmodzimmodzi, madzulo, atanyamula shuga ndi mapepala.

Apa ndiye pakukhudza inu. Malo a amayi aja, kuyambira pamango mpaka kumchenga, ali mkati mwa zikhomo. Kunyumba anabwera kale kawiri. Amayi anawauza kuti iwo ndi nkhalamba, mwinimbumba ali kunja. Wina wawapatsa nambala yanu, ndipo ndikudziwa kuti akuimbirani, ngati sanaimbe kale. Adzatchula ndalama yomwe mukaisintha m'marandi idzaoneka ngati yambiri, ndipo ndikudziwa kuti lendi ikukuvutani. Koma muwerenge anthu omwe amadya pamalo amenewo: amayi, ine ndi ana anga, achemwali athu aang'ono ndi mathandala awo asanu ndi limodzi, ana a malemu amalume omwe amakocheza maboti awiri pamenepo. Chipukutamisozi chikagawidwa kwa onsewa, aliyense adzagula njinga yamoto yakabaza, ndipo pakatha zaka ziwiri njingazo zidzakhala zili pamiyala. Komanso mudzi uno ndi wothithikana, poti timangenso palibe. Tidzapita kumtunda kutali ndi madzi, amayi akafere kumalo komwe sakumva mafunde.

Sindikukulamulani, ndinu wamkulu. Ndikungopempha kuti akaimba muwauze kuti nkhani ya malo a mbumba simuikamba pafoni, ndipo simusayina kanthu kotumizidwa pa WhatsApp. Ngati mungathe kubwera pa Khirisimasi, bwerani tidzakhale pansi tonse pakhonde la amayi, mphwanu uja akhalepo, alankhule zakukhosi kwake, inunso mudzaone zikhomozo ndi maso anu. Msonkhano wina ndi alendowo akuti uchitika mwera ukatha, ndipo amayi anena kale kuti tidzawanyamule.

Ndakutumizirani usipa wofutsa ndi ufa wa kondoole kudzera kwa dalaivala yemwe uja, anyamuka Lachisanu. Mukalandira mundidziwitse, ndipo nsapato za amayi zija zikhale nambala 5, zomwe munatumiza chaka chatha zinawathina.

Ndine mlongo wanu,
ku Chembe, Cape Maclear.