Ulendo Wanga ku Munda wa Mphesa

Ambiri a inu mwakhala mukundifunsa m'chipinda chogona za ulendo wanga wa ku Kepi, ndipo ena munafalitsa mbiri yakuti ndinamwa vinyo wa Azungu mpaka kuledzera. Tsono ndaganiza zolemba zonse muno kuti aliyense adziwe zoona zache.

Sukulu itatsekedwa, amai anaganiza zokaona mlongo wao, atsibweni anga, amene akhala zaka 9 akugwira nchito pafupi ndi Stellenbosch m'dziko la South Africa. Tinakwera basi ku Blantyre, tinadzera pa Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda ndi kuturukira pa Beitbridge. Ku Johannesburg tinakwera basi yina yonka ku Cape Town. Pofika uko miyendo yanga inali itatupa.

Ndiyenera kuulula pano chinthu chimene ndinabisa mumtima ulendo wonse. Temu yathayo ndinalephera masamu koipa, ndipo ndinali nditatsimikiza kuti sindidzabwereranso kusukulu. Ndinkakumbukira m'mene atsibweni anafikira kwathu atavala suti yonyezimira, atanyamula wailesi ndi mabulangete, mudzi wonse ukuwatamanda. Ndinati mumtima, "Masamu andipatsa chiani ine? Ndikapempha nchito kwa atsibweni."

Usiku wachiwiri ndinawauza maganizo angawo amai atagona. Iwo anangoti duu kanthawi, kenaka anati, "Mphwanga, Loweruka tidzapita ku munda kumene ndimagwira nchito. Tikalowera khomo la alendo."

Ine ndinkayembekeza kuona munda wobiriwira, mphesa ziri lendelende. Ha! Ndinangoona mizere ya timitengo touma tomangidwa kumawaya, topanda tsamba ndi limodzi lomwe. Unali mwezi wa Ogasiti, ndipo dziko la Kepi ndi lodabwitsa pakuti mvula yache imagwa m'nyengo yozizira. Pa nthawi yotere mipesa imakhala ngati yakufa, ndipo anchito amaidulira. Zipatso zimachedwa kupsa, amayamba kukolola chakumapeto kwa Januwale mpaka Epulo.

Atsibweni analipira pakhomo ndalama za anthu atatu, ndipo anatinong'oneza kuti m'zaka zonse 9 aka kanali koyamba kulowera khomo limenelo. Tinaphatikana ndi alendo ena okwana khumi. Wotiyendetsa anali mtsikana wachikuda amene anaphunzira za ulimi wa mphesa ndi kapangidwe ka vinyo pa yunivesite ya Stellenbosch. Anayamba ndi mbiri yakale. Anati vinyo woyamba wa ku Kepi anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'masiku a Jan van Riebeeck. Bwanamkubwa Simon van der Stel anakhazika mudzi wa Stellenbosch mu 1679 ndi munda wa Constantia mu 1685, ndipo mu 1688 kunafika Afalansa othawa mazunzo a chipembedzo, amene anakhala kudera lochedwa Franschhoek. Mtsikanayo sanabise zowawa. Anati minda yakaleyo inalimidwa ndi akapolo, ambiri ochokera ku Mozambique ndi Madagascar, kufikira ukapolo unathetsedwa mu 1834. Pambuyo pache eni minda ena ankalipira anchito mbali ya malipiro ao ndi vinyo, ndipo mchitidwe woipawo unaononga mabanja ambiri usanathe. Amai atamva dzina la Mozambique anapukusa mutu nati, "Amenewo ndi anansi athu."

Kenaka tinalowa m'nyumba yozizira m'mene munali matanki akulu achitsulo. Anatifotokozera kuti mphesa zikathyoledwa amazichotsa kumapesi ndi kuzitudzula. Pofuna vinyo woyera amafinya madzi okha, koma pofuna wofiira amasiya madzi pamodzi ndi makoko, pakuti kufiirako kumachokera m'makoko. Tsono yisiti amadya shuga wa m'madzimo nasandutsa mowa. Apo mtsikanayo anafunsa gulu lonse, "Kodi ndani angandiuze mpweya umene umaturuka pa nthawi imeneyi?" Akuluakulu onse anayang'anana. Ine mtima ukugunda ndinati, "Carbon dioxide," pakuti aphunzitsi athu a Biology anatichititsa zomwezo ndi botolo, shuga ndi baluni. Mtsikanayo anaomba m'manja, ndipo ndinaona atsibweni akumwetulira mpaka mano onse kuonekera. Ndinazindikiranso kuti nzeru yache ndi yomweyo ya thobwa la agogo, limene likagonera masiku limasanduka lowawa.

Tinatsikira m'chipinda chapansi chodzaza ndi migolo ya mtengo wa oak. Mgolo umodzi umalowa malita 225, ndiye kuti mabotolo 300, ndipo vinyo amagona m'menemo chaka kapena kupitirira. Ndinawerengera ndekha mumtima kuti ndione ngati nzoona: 225 kugawa ndi 0.75. Inaturuka 300. Ndinadabwa kuti masamu amene ndinali kuwathawa ananditsata mpaka kuno.

Potsiriza tinafika pa gome lolawira, ndipo apa ndi pamene pali nkhani imene mwakhala mukuifuna. Anaika matambula a miyendo yaitali patsogolo pa aliyense. Atafika pa ine anandifunsa zaka zanga. Popeza ndine wamtali, lilime linafuna kunena 18, chifukwa lamulo la dzikolo saloleza kupatsa mowa munthu wosafika zaka zimenezo. Koma atsibweni anayankha msanga, "Ali ndi 17, ndi mwana wa sukulu." Ndinachita manyazi kwambiri. Anandithirira madzi a mphesa osawira, ndipo amai, amene samwa mowa, analandira omwewo. Choncho amene mumati ndinaledzera, dziwani kuti ndinamwa zotsekemera ngati za ana.

Kalawidwe kache ndi koseketsa. Munthu amayamba wayang'ana vinyoyo pa kuwala, kenaka amazunguza tambula, amanunkhiza, amapsontha pang'ono, nalavula m'kachitini. Amai anandikodola nati, "Taona, alipira ndalama kuti alavule!" Mlendo wina anati akumva pfungo la maula, wina anati la utsi. Pofika pa vinyo wochedwa Pinotage anatiuza kuti mtundu wa mphesa umenewu unabadwira konko mu 1925, pamene Abraham Perold anakwatitsa mitundu iwiri, Pinot noir ndi Cinsaut. Atsibweni analawa, nakhala chete, kenaka anati pang'onopang'ono, "Uyu ndi wa kumtunda kuja, kufupi ndi phiri. Mipesa yache ndinadulira ndine." Mtsikanayo anavomera kuti anena zoona, ndipo alendo onse anatembenuka kuwayang'ana. Pamenepo ndi pamene ndinapenyetsetsa manja ao atagwira tambula yopyapyalayo. Anali ong'aluka ndi chisanu, zala zokhota.

Poturuka ananditengera m'mizere ya mipesa, nandionetsa m'mene amadulira: nthambi yaitali amaidula nkusiyako maso awiri okha, chifukwa mpesa wosadulira umachuruka masamba ndi kubala zipatso zosakoma. Kenaka anati, "Mphwanga, ine ndinalekera Sitandade 6. Suti ija unaiona ndinaisungira ndalama chaka chathunthu. Mtsikana uja ndi ine timagwira mphesa imodzimodzi, koma iye ali ndi pepala, ine ndiri ndi sizasi. Mvula ikagwa iye ali m'nyumba, ine ndiri muno. Ukafuna kudzagwira nchito kuno, udzabwere ndi pepala. Ukabwera chimanjamanja sindidzakulandira." Ndinakumbukira mau a akulu akuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndinalira, ndipo sindichita manyazi kunena.

Amai sanadziwe za maganizo anga aja kufikira tiri m'basi pobwerera, pamene ndinawauza ndekha titadutsa Tete. Sanandikalipire, anangondipatsa chipwete kuti ndidye.

Tsopano ndiri pano pakati panu. Masamu akali kundivuta, ndipo pa mayeso a mwezi watha ndinapeza 41 pa 100, koma temu yatha ndinali ndi 23. Ngati alipo mnzanga amene akuganiza zothawa sukulu ndi kupita ku Joni, abwere kwa ine ikatha nthawi yowerenga madzulo, ndidzamuuza za manja a atsibweni anga.

Wophunzira wa Folomu 4