Mwana wa Mlimi wa Thonje ku Manchester

Inu abale a kumudzi, ambiri mwa inu mumalima thonje, ndipo mumalekana nalo tsiku limene lakwera galimoto pa msika. Ine ndine mwana wa mlimi wa thonje wa ku Chikwawa. Ndinapeza mwayi wa maphunziro a zamalonda ku Mangalande, mu mzinda wa Manchester, umene kale unali wotchuka pa dziko lonse chifukwa cha nsalu za thonje. Tsono ndati ndikusimbireni zimene ndinaona kumeneko.

Ndinanyamuka pa bwalo la ndege la ku Lilongwe m'mwezi wa Sepitembala 1 itapita kale, chaka cha 2023. Tinasintha ndege ku Addis Ababa, ndipo tinatera ku Manchester mvula ili kuwaza. Ndinayesa kuti ikata masana, koma ayi. Mvula ya kumeneko siili ngati yathu ya mabingu, yogwa ndi kuleka. Imafanana ndi chiperoni cha ku Thyolo, ndipo ilibe nyengo yake. Pofika Disembala dzuwa limatuluka 8 koloko itapitirira, ndi kulowa 4 koloko ya madzulo isanakwane. Ine wobadwira kuchigwa, kumene timagona pabwalo chifukwa cha kutentha, ndinkavala majuzi awiri ndi jekete pamwamba, koma zala zinkachitabe dzanzi.

Chimene chinandivuta koposa chisanu ndicho kusowa moni. Sabata yoyamba ndinakwera basi pa msewu wa Oxford Road, ndipo ndinapereka moni kwa mayi wina wachikulire amene ndinakhala naye pafupi, ndi kuwafunsa za kunyumba monga mwa mwambo wathu. Mayiwo anamwetulira, nayankha liwu limodzi, nayang'ana pa zenera. Musayese kuti ndi anthu ouma mtima. Ukasokera amakulozera njira bwino lomwe, ndipo ambiri potsika basi amathokoza dalaivala. Koma munthu ungathe kukhala khomo loyandikana ndi mnzako miyezi itatu osadziwa dzina lake. Ufa wa chimanga ndinaupeza m'sitolo ya anthu a ku Africa, pa mtengo woti nsima ndinkadya la Mulungu lokha. Yoyamba kuphika inatuluka yosapsa, ndipo ndinathokoza kuti amayi sanaione.

Sukulu yaikulu ya zamalonda ya mu mzindawu inayamba mu 1965. Kaphunziridwe kake nkosiyana ndi kamene tinazolowera. Mphunzitsi sakulemberani pa bolodi kuti mukopere. Amakupatsani mbiri ya kampani ina imene ili pa mavuto, mukawerenge usiku, ndipo m'mawa amafunsa kuti, mukadakhala mwini wake mukadachita chiyani? Ophunzira amatsutsana, amatsutsanso mphunzitsi amene, ndipo amamuitana ndi dzina lake loyamba ngati mnzawo wa kudambwe. Ine lilime linakana. Kwathu mwana satchula dzina la munthu wamkulu, ndipo sayankha asanalozedwe. Chotero ndinakhala chete masabata asanu ndi limodzi.

Tinaikidwa m'timagulu ta anthu asanu, ndipo m'kagulu kanga munali wa ku India, wa ku China, wa ku Nigeria ndi Mngelezi mmodzi. Tsiku lina wa ku Nigeria uja ananditengera pambali nati, "Mbale wanga, kuno munthu wosalankhula amamuyesa wosawerenga. Ulemu wakowo ukulepheretsa mayeso." Mawuwo anandilasa, pakuti ndinali nditasiya mkazi ndi ana awiri, ndipo mudzi wonse unandiperekeza mpaka pa msewu. Ndikadabwerera chimanjamanja ndikadanena chiyani?

Mpata unapezeka pa phunziro la kayendedwe ka ndalama. Mphunzitsi anafotokoza kuti malonda angathe kukhala ndi phindu koma kugwa ndithu, ngati ndalama zifika mochedwa pamene ngongole ikufunika lero. Ndinakweza dzanja, mtima uli phaphapha, ndipo ndinasimba za kwathu: kuti mlimi amagulitsa chimanga m'mwezi wa Meyi kwa mavenda pa mtengo wozizira, ndi kukagula chimanga chomwecho mu Januwale mtengo utakwera. Anzanga anadabwa nafunsa kuti, bwanji osasunga? Ndinati fizi ya ana siidikira, mwini ngongole ya feteleza saadikira, ndipo anankafumbwe nawonso saadikira. Tinakambirana nkhani ya nkhokwe mpaka nthawi inatha.

Koma pomaliza mphunzitsi anandifunsa funso limene linandisowetsa tulo. Anati, "Kodi bambo ako amawononga ndalama zingati kuti apeze kilogalamu imodzi ya thonje?" Sindinadziwe. Atate amawerengera mbewu ndi mankhwala opopera basi. Masiku amene amayi ndi alongo anga amathera m'munda kupalira ndi kutola thonje padzuwa sawawerengera konse, ngati kuti thukuta la pabanja lilibe mtengo. Tsono zaka zina zimene tinkati tapindula, mwina tinkangobweza zathu zomwe.

M'mwezi wa Febuluwale malume anamwalira. Uthenga unandipeza pa lamya ndili m'nyumba yowerengeramo mabuku. Ndalama ya ndege panalibe, ndipo ndinalira ndekha m'chipinda, popanda wondikhuza. Abale ena ananditumizira mndandanda wa zofunika pa maliro, poganiza kuti munthu wa ku Ulaya amatola ndalama pansi. Ndinatumiza ya chakudya changa cha masabata awiri. Makolo amene muli ndi ana kunja, dziwani kuti ndalama ya wophunzira imathera pa lendi.

Pakati pa mzinda pali chinyumba chachikulu chotchedwa Royal Exchange, mmene amalonda ankasonkhana kupangana mitengo ya thonje ndi nsalu. Malondawo analeka mu 1968, ndipo tsopano muli bwalo la zisudzo, koma bolodi la mitengo ya tsiku lomaliza likadali pamwamba pomwepo. Ndinaima nthawi yaitali kuliyang'ana. Mu mzinda womwewu munayambika mu 1902 bungwe la British Cotton Growing Association, limene linalimbikitsa ulimi wa thonje kwathu dziko likadatchedwa Nyasaland. Agogo ankalima thonje osadziwa kuti kuli nyumba yotere.

Malo amene ndikadakonda kuti mlimi aliyense awaone ali ku Rochdale, pafupifupi mamailosi 10 kuchokera ku Manchester. Ndinapitako pa sitima Loweruka lina. Pa kamsewu kotchedwa Toad Lane pali kasitolo kakang'ono, kosaposa golosale ya pa Dyeratu. Mu 1844 amuna 28, ambiri a iwo oomba nsalu, anatopa ndi eni masitolo amene ankaba pa sikelo ndi kusakaniza choko mu ufa. Anasonkha pang'onopang'ono mpaka mpamba unakwana mapaundi 28, ndipo pa 21 Disembala anatsegula sitolo yawoyawo. Katundu wake anali ufa wa tirigu, ufa wa phala, shuga, batala ndi makandulo owerengeka. Malamulo awo anali akuti sikelo ikhale yoona, malonda akhale a ndalama pamanja, membala aliyense akhale ndi voti imodzi kaya ndi wolemera kaya ndi wosauka, ndipo phindu ligawidwe molingana ndi mmene munthu wagulira. Makopaletivi ambiri a pa dziko lapansi, ndi athu omwe a alimi, amatsata malamulo ochokera pa kasitolo kameneka. Tsopano ndi nyumba yosungiramo zakale, ndipo sikelo ili pa tebulo.

Madzulo ake ndinaimbira lamya atate. Ndinawapempha kuti agule kope la mizere, ndipo mlongo wanga wamng'ono azilembamo tsiku lililonse amene walowa m'munda wa thonje, ntchito imene wagwira, ndi tambala iliyonse yotuluka. Atate anaseka nati, "Iwe, wapita ku Mangalande konseko kukaphunzira kuwerenga masiku a amako?" Ndinati, "Inde, bambo." Anakhala chete pang'ono, kenaka anafunsa kuti kopelo likhale la masamba angati.