Innsbruck M'nyengo ya Cisanu: Zimene Mlendo Ayenera Kudziwa Asananyamuke

M'mwezi wa December, pamene alimi a ku Chipata, Katete ndi Petauke ali kalikiliki ndi makasu m'minda ya cimanga, anthu a m'dziko la Austria ku Ulaya amakhala ali pakati pa nyengo ya cisanu. Mitengo imakhala itayoyola masamba, madzi a m'zithaphwi amaundana gwa ngati mwala, ndipo mapiri amavala cipale cofewa coyera mbee ngati ufa wa mphale. Munthu wa ku dziko lotentha angayese kuti imeneyi ndi nyengo yobindikira m'nyumba, koma ndiyo nthawi imene mzinda wa Innsbruck umalandira alendo zikwizikwi odzasewera m'mapiri ndi kudzaona misika ya Khirisimasi.

Innsbruck ndi likulu la cigawo ca Tyrol, cakumadzulo kwa Austria, ndipo muli anthu pafupifupi 130,000. Dzinalo litanthauza mlatho wa pa mtsinje wa Inn, umene umadutsa pakati pa mzindawo. Mzinda weniweniwo uli m'cigwa, pa mamita 574 kucokera pa nyanja yaikulu, ndipo mapiri a Alps auzinga uku ndi uku. Lusaka ili pamtunda kuposa pamenepo, pa mamita pafupifupi 1,280, komabe kuzizira kwa June ndi July kumene anthu amakuthawira ku mbaula sikufika ngakhale pang'ono pa cisanu ca ku Innsbruck. Cifukwa cake n'cakuti dziko la Austria lili kutali kumpoto, kumene dzuwa la December limangoyenda m'munsimunsi mwa thambo lopanda mphamvu. Limatuluka ca m'ma 8 koloko m'mawa, ndipo pofika hafu pasiti folo madzulo limakhala litalowa. M'mwezi wa January usiku kumazizira kufika madigiri 5 pansi pa ziro, ndipo masiku ena kupitirira 10.

Akulu anati safunsa anadya phula. Mlendo amene apita ku malo otere atangodalira jekete limene amavala ku Lusaka m'mwezi wa July amadziika m'mavuto. Anthu a ku Tyrol amavala zovala zosanjikiza: camkati cothina cimene sicisunga thukuta, pamwamba pake juzi yaubweya, ndipo kunja jekete losalowa mphepo kapena madzi. Covala camkati ca thonje sicithandiza, cifukwa cikanyowa ndi thukuta cimazizira ndi kumamatira pathupi. Cipewa cophimba makutu, magolovesi, masokosi aubweya ndi nsapato zazitali za mphira wokakala kunsi n'zofunika tsiku lililonse, pakuti misewu imaterera ndipo ambiri amathyoka mkono asanafike n'komwe kuphiri. Zala, makutu ndi mphuno ndizo zimayamba kuvulala ndi cisanu. Zikacita dzanzi ndi kusintha mtundu, munthu ayenera kulowa m'nyumba msanga ndi kuzifunditsa pang'onopang'ono m'madzi ofunda, osazitikita kapena kuziyandikiza kumoto.

Kukonzeka kumayamba miyezi ingapo ulendo usanafike. Mzika ya Zambia imafunika viza ya Schengen, ndipo imodzi mwa mfundo zake ndi inshuwalansi ya zacipatala yosacepera mayuro 30,000. Wofuna kukasewera m'mapiri ayenera kufunsa ngati inshuwalansiyo ikuphatikizapo ngozi za masewera a pacipale, cifukwa wovulala paphiri nthawi zambiri amanyamulidwa ndi helikopita, ndipo mtengo wake umafika mayuro zikwi zingapo. Wocokera ku Lusaka amasintha ndeke ku Addis Ababa, Dubai kapena Doha, ndi kukatera ku Vienna kapena ku Munich m'dziko la Germany. Sitima yocokera ku Munich imatenga pafupifupi maola 2, ndipo yocokera ku Vienna imatenga maola opitirira 4. Sitima ndiyo yabwino kwa munthu amene sanayendetsepo motoka pacipale. Ku Austria motoka imayenda kudzanja lamanja, ndipo lamulo likuti kuyambira pa 1 November mpaka pa 15 April motoka yoyenda pa msewu wa cipale ikhale ndi matayala a m'cisanu.

Pakati pa mzinda wakale, m'tinjira topapatiza toyalidwa miyala, pali khonde lochuka lochedwa Goldenes Dachl, ndiko kuti kadenga ka golide. Linamangidwa ca m'ma 1500 polemekeza mfumu Maximilian I, ndipo denga lake lili ndi timapale ta mkuwa 2,657 tokutidwa ndi golide. Munthu wa ku Copperbelt sangadabwe kumva kumene cuma cimeneco cinacokera. M'masiku amenewo tauni ya Schwaz, makilomita pafupifupi 30 kum'mawa, inali ndi migodi ikuluikulu ya siliva ndi mkuwa, ndipo ndalama za migodiyo ndizo zinacirikiza ufumu wa Maximilian. Migodiyo inatsekedwa, ndipo lerolino mabanja ambiri a m'midzi ya m'mapiri amapeza cakudya mwa kusunga alendo.

Malo ogona alipo a mitundu yambiri. Pali mahotela akale monga Goldener Adler, imene yakhala ikulandira apaulendo kuyambira mu 1390, pali mahotela amakono pafupi ndi sitesheni ya sitima, ndipo palinso nyumba za mabanja zochedwa Pension kumene mlendo amalipira cipinda ndi cakudya ca m'mawa pa mtengo wocepa. Mitengo imakwera kwambiri pakati pa Khirisimasi ndi pa 6 January, ndiponso mu February pamene ana a sukulu ali pa cuti, motero wofuna kubwera nthawi zimenezi asungitse malo miyezi ingapo isanakwane. Masabata a pakati pa January ndiwo amakhala ndi anthu ocepa ndi mitengo yotsikirapo. Pofika pa hotela mlendo amaonetsa pasipoti ndi kulemba dzina lake monga mwa lamulo, ndipo amalipira kamsonkho ka alendo pa usiku uliwonse. Zipinda zimakhala zofunda usana ndi usiku, kotero kuti mpweya wake umaumitsa khungu ndi milomo. Mafuta odzola ndi kumwa madzi pafupipafupi zimathandiza, ndipo madzi a pampope, amene amacokera ku akasupe a m'mapiri, ndi abwino kumwa. Masitolo ambiri satsegula pa Sande, ndipo pa 24 December amatseka masana, cifukwa usiku wa tsikulo ndiwo mabanja amakondwerera Khirisimasi. Mlendo amene sanasungitse malo odyera angagone ndi njala m'mzinda wodzala ndi cakudya.

Zikondwerero zimayamba pakati pa November, pamene msika wa Christkindlmarkt umatsegulidwa patsogolo pa Goldenes Dachl. Timisasa tamatabwa timandandalika mozungulira mtengo waukulu wa nyali, ndipo madzulo oimba malipenga amaimirira pakhonde la kadenga kaja. Amalonda amagulitsa zidole zosema, makandulo, zipewa zoluka ndi cakudya cotentha, monga Kiachl, mtundu wa citumbuwa cimene amadyera kabici wowawasa, ndi Gröstl, mbatatesi zokazinga pamodzi ndi nyama ndi anyezi. Palinso vinyo wotentha wochedwa Glühwein. Vinyoyu amanyenga, pakuti munthu amamva ngati wafunda pamene thupi lake likutaya kutentha msanga, ndipo woledzera amene agona panja usiku wa cisanu sadzukanso. Msika wa mzinda wakale umatseka pa 23 December, koma wa mu msewu wa Maria-Theresien-Strasse umapitirira mpaka pa 6 January.

Kuciyambi kwa December, makamaka pa 5, m'misewu ndi m'midzi mumatuluka zirombo zochedwa Krampus. Ndi anyamata ovala zikopa za mbuzi, zigoba zamtengo zokhala ndi nyanga, ndi mabelu aakulu m'ciuno, ndipo amathamangitsa anthu ndi tizikoti. Nchito yao pa mwambo ndi kuopseza ana osamvera, pamene Nikolasi Woyera amapatsa mphatso ana omvera pa 6 December. Munthu wa Kum'mawa amene anakulira pafupi ndi bwalo la Gule Wamkulu amadziwa kale khalidwe loyenera: kupatuka panjira, kuonerera ali capatali, ndi kusagwira cigoba. Kuciyambi kwa January ana ovala ngati anzeru a kum'mawa amayenda khomo ndi khomo akuimba ndi kusonkhetsa ndalama zothandizira nchito zacitukuko ku Africa, Asia ndi Latin America. M'masiku omwewo, ca pa 3 kapena 4 January, pa citunda ca Bergisel pamakhala mpikisano wa kulumpha ndi ski, umene ndi wacitatu mwa inai ya Four Hills Tournament. Olumphawo amauluka mamita opitirira 120, ndipo akaimirira pamwamba pa nsanja imene Zaha Hadid anaikonza ndi kutha mu 2002, cimene amaona pansi patsogolo pao ndi manda a ku Wilten.

Mapiri eniake ali pakhomo penipeni pa mzinda. Kucokera pakati pa tauni mlendo amakwera kasitima kopita ku Hungerburg, ndipo kumeneko amalowa m'ngolo yolendewera pa cingwe cacitsulo imene imamufikitsa ku Seegrube, pa mamita 1,905, ndi ku Hafelekar, pa mamita 2,256. Ulendo wonsewo sutha ola limodzi, ndipo ngakhale munthu wosasewera angakwere kukaona cigwa conse ca Inn cili pansi pake. Pamwamba pamazizira kuposa m'tauni, mphepo imakhala yaukali, ndipo dzuwa lowala pacipale limapweteka maso ndi kupsereza khungu la munthu wa mtundu uliwonse. Magalasi akuda ndi mafuta oteteza ku dzuwa asatsale m'hotela.

Innsbruck inalandira masewera a Olympics a m'cisanu kawiri, mu 1964 ndi mu 1976. Mu 1964 cipale cinasowa, ndipo asilikali a Austria anacita kucituta kucokera ku mapiri ena ndi kuciyala m'njira za mpikisano. Mu 1976 mzindawu unalowa m'malo mwa Denver ya ku America, imene inakana masewerawo, ndipo pa 5 February Franz Klammer, mwana wa dzikolo, anapambana mpikisano wa kutsetsereka pa phiri la Patscherkofel pamaso pa namtindi wa anthu a kwao. Lerolino malo ambiri ali ndi makina opanga cipale, cifukwa nyengo ikutenthera ndipo cipale sicidalirikanso m'malo otsika.

Zimene Klammer anacita pa Patscherkofel zinali zipatso za zaka zambiri za kuphunzira. Wongoyamba kumene ayenera kulembetsa ku sukulu ya ski, kumene mphunzitsi amayamba ndi kumuonetsa kuima, kugwa ndi kudzuka. Matabwa a ski, nsapato zake, ndodo ndi cisoti coteteza mutu amacita kubwereka ndi ndalama m'masitolo a m'tsinde mwa phiri, kotero palibe cifukwa cogulira. Njira zotsetserekamo zili ndi zizindikiro za mitundu: yobiriwira ngati thambo ndi yosavuta, yofiira ndi ya ozolowera, ndipo yakuda ndi ya akatswiri okha. Amene ali kumbuyo ndiye ayenera kupewa amene ali patsogolo pake, ndipo palibe ayenera kuima pa malo opapatiza kapena kuseri kwa citunda kumene saoneka. Njira zimatsekedwa ca m'ma 4 koloko madzulo, ndipo pambuyo pake pamayenda makina osalaza cipale okokedwa ndi zingwe zacitsulo zosaoneka mumdima.

Ngozi yoposa zonse ndi cigumukire ca cipale. Cipale cimagwa mosanjikizana, ndipo cikakhala catsopano, kapena mphepo ikaciunjika pa malo otsetsereka, kapena kukafunda mwadzidzidzi ndi mphepo ya kum'mwera yochedwa Föhn, msanjiko wapamwamba umasomphoka ndi kutsika phiri ndi liwiro loposa la motoka. Kulemera kwa munthu mmodzi n'kokwanira kuciyambitsa, ndipo amene wakwiririka kupitirira mphindi 15 mwai wake wopulumuka umacepa msanga. Pa 23 February, 1999, patapita masabata a cipale cambiri, cigumukire cinagwera mudzi wa Galtür ku Tyrol komweko ndi kupha anthu 31, ndipo m'mawa mwake cina cinapha anthu 7 ku Valzur, mudzi woyandikana nao. Misewu inali yotsekeka, ndipo alendo zikwi anacotsedwa m'cigwaco ndi mahelikopita a maiko angapo. Kuyambira pamenepo pamangidwa makoma ndi mipanda yacitsulo yoteteza mudziwo, koma caka ndi caka anthu amafabe m'mapiri a Alps, ndipo oculuka mwa iwo ndi amene anatuluka m'njira zololedwa. Tsiku lililonse akatswiri amalengeza kukula kwa ngoziyo pa muyeso wa 1 mpaka 5, ndipo pa 3 ndi pamene ambiri amatayira moyo, cifukwa amayesa kuti ndi pakatikati. Cingwe kapena cikwangwani cotseka njira siciyenera kudumphidwa, ngakhale cipale ca kuseri kwake cikongole motani. Pakagwa ngozi nambala yoimbira ndi 112, kapena 140 ya opulumutsa anthu m'mapiri.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo a ku Zambia opita ku Ulaya kukaphunzira, ku misonkhano kapena kukaceza ndi abale m'miyezi imeneyi adzapindula akapatula masiku awiri kapena atatu kuti aone Tyrol. Eni dzikolo, amene anabadwira m'cipale, amayamba tsiku ndi kumvetsera za nyengo, amauza a pa hotela kapena a m'banja kumene akupita, ndipo amatsika phiri dzuwa lisanalowe. Mlendo amene atsanzira mwambo umenewu amabwerera m'tauni nyali za msika zitayaka, nakhala pansi pa kadenga ka mkuwa ndi mbale ya cakudya cotentha m'manja, malipenga akulira pakhonde.