Kuwerenga Mbalame m'Nkhalango za ku Thyolo

Inu amene mudayendapo pa msewu wochokera ku Limbe kunka ku Thyolo mudziwa kukongola kwake kwa minda ya tiyi, yobiriwira ngati mphasa zoyalidwa pa zitunda. Koma ife sitinapite kukaona tiyi ayi. Tinapita kukafuna kambalame kena kotchedwa ndi dzina la dziko lomwelo.

Pa esiteti ya Satemwa, imene Maclean Kay adayamba m'chaka cha 1923, patsala tinkhalango ting'onoting'ono m'zigwa ndi m'mbali mwa mitsinje. Tinkalowamo mbandakucha, chiperoni chili kuwaza, othyola tiyi asanabereke madengu awo. Lamulo la ntchitoyi nlapafupi: kuyenda njira yomweyo, nthawi yomweyo, tsiku ndi tsiku, ndi kulemba m'kabuku mbalame iliyonse yooneka kapena yomveka. Pakuti mwini khola amene sawerenga mbuzi zake madzulo sadziwa tsiku limene fisi adayamba kumbera.

Tsiku lachitatu tinapeza linthumbu lili pa ulendo. Tinaima poteropo, ndipo taonani, kambalame kaja kanatera pansi, kofiirira kumsana, koyera pakhosi. Ndiko Thyolo alethe, kamene W. L. Sclater adakalemba m'mabuku a sayansi m'chaka cha 1927. Kamatsata linthumbu ndi kutola tizilombo timene tili kuthawa m'masamba ouma.

Usiku tinkapachika nsalu yoyera pakati pa mitengo iwiri, nyali pambali pake. Agulugufe a usiku ankabwera, ena aang'ono ngati njere ya mpunga, ena ofanana ndi tsamba louma. Tinkawajambula, kuwawerenga, ndi kuwaleka apite. Musati ndi masewera. Mbozi zawo ndizo chakudya cha ana a mbalame zambiri, ndipo mitundu yambiri ya mbozi ili ndi mtengo wakewake umene imadya. Mtengo ukagwa mbozi zisowa, mbozi zikasowa chisa chikhala chete.

Tsono tinakweza maso ku phiri la Thyolo, ndipo mitima yathu inawawa. Nkhalango yaikulu imene inali pamenepo idadulidwa pafupifupi yonse kuyambira m'zaka za m'ma 1990, chifukwa anthu ngochuluka ndipo malo olima ngochepa. Sitiweruza munthu wanjala. Koma kambalame aka sikakhala m'munda wa chimanga kapena wa tiyi. Kunja kwa Thyolo kamapezeka m'mapiri owerengeka okha, monga Mulanje, ndi Namuli, Chiperone ndi Mabu ku Mozambique.

Chifukwa chake tikupemphani zinthu ziwiri. Mitengo ya m'mbali mwa mtsinje muileke, pakuti ndiyo isunga madzi amene mumatunga. Ndipo mwana wodziwa kulemba mumpatse kope, alembe mbalame zimene amva m'mawa uliwonse, agogo ake akumuuza maina. Zaka zikapita, kopelo lidzanena zoona za mudzi wanu.

Tsalani bwino.